GALIMOTO YOGONA PA NJERWA: KODI MTENGO WAKE WOYENERA NDI UTI?

Munthu woyenda m'misewu ya pa boma la Dedza, kapena wopita ku Linthipe, ku Bembeke, ku Lobi ndi ku Mayani, sangalephere kuona magalimoto akale atagona kuseri kwa nyumba za anthu. Ena anakhazikidwa pa njerwa matayala atachotsedwa kalekale. Ena anafunditsidwa masaka, ndipo nkhuku zinapezamo poikira mazira. Eni ake ambiri ndi aphunzitsi opuma, akalaliki akale a kwa DC, alangizi a zaulimi, kapena akazi amasiye a anthu otere. Zaka zapitazo panalibe amene ankayang'ana ziphapha zimenezi kawiri. Koma masiku ano, pamene mtengo wa galimoto yochokera kunja waposa mphamvu ya malipiro a pa mwezi, antchito a Boma ambiri ayamba kuzizungulira ndi kufunsa mtengo, ali ndi maganizo akuti adzazidzutsa pang'onopang'ono.

Maganizo amenewa si oipa. Dziko limene likusowa ndalama zakunja limapindula pamene chuma chimene chinalowa kale chikonzedwa ndi kugwiranso ntchito. Koma pa malonda amenewa ndi pamene anthu ophunzira, odziwa masamu, amataya ndalama za penshoni ndi za ngongole ngati ana. Ndipo ndi pomwenso akazi amasiye amalandidwa katundu wa mtengo pa ndalama zosakwanira ngakhale matumba owerengeka a feteleza. Chotero funso la mtengo woyenera liyenera kuyankhidwa ndi pensulo ndi pepala, osati ndi mtima.

CHIMENE CHADZUTSA MSIKA UMENEWU

Magalimoto ambiri oyenda m'Malawi muno amagulidwa atagwira kale ntchito ku Japan, ndipo amatsikira pa madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Mtengo wake, ndalama za sitima ndi za ulendo wa pamtunda, zonse zimawerengedwa m'madola, ndipo msonkho wa bungwe la MRA umatsata mtengo womwewo. Za zaka zakale sizikufunika kukumbutsidwa pano. Zimene aliyense akukumbukira ndi za posachedwa. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Chipangizo cha galimoto cha madola 100 chimene chinali K118,000 chinasanduka cha K170,000 usiku umodzi wokha.

Kutsika kwa kwachaku kuli ndi nkhope ziwiri. Wogulitsa amaona nkhope imodzi yokha: magalimoto akwera mtengo, choncho chiphapha chakenso chakwera. Zimenezi ziri ndi choona chake. Koma nkhope inayo imayang'ana wogula: pisitoni, mabeyaring'i, matayala, batire ndi penti, zonse zimachokera kunja, ndipo zakwera mofanana. Galimoto yoyenda imakwera mtengo kwacha ikagwa. Galimoto yogona imakwera pang'ono chabe, pakuti ndalama zoidzutsira nazonso zakwera.

ZIMENE SIZIYENERA KULOWA PA MTENGO

Pali zinthu zinayi zimene ogulitsa amakonda kutchula, zimene wogula wanzeru ayenera kuzimva mwaulemu koma osazilipira.

Choyamba ndi mtengo umene mwini wake anagulira. Kwacha inayamba mu 1971, ndipo pa nthawiyo makwacha awiri ankalingana ndi paundi imodzi. Kwacha ya masiku amenewo, ngakhale ya m'ma 1990, siingayerekezedwe ndi ya lero. Ndipo galimoto imene inagulidwa ikuyenda si imene ikugulitsidwa itagona.

Chachiwiri ndi chikumbutso. Galimotoyo inanyamula mkwatibwi, inathamangitsa odwala ku chipatala usiku, inatenga ana kupita nawo ku sekondale ya Dedza. Zonsezi n'zamtengo wapatali kwa banja, koma wogula sadzatenga chikumbutsocho. Adzatenga zitsulo zokha. Banja limene likuona kuti chikumbutso chiposa ndalama lichita bwino kusunga galimotoyo.

Chachitatu ndi ndalama zimene zinalowa kale pokonza. Mwini wake akanena kuti anasintha injini zaka khumi zapitazo, funso ndi lakuti injiniyo iri bwanji lero. Ntchito imene inayambidwa n'kusiyidwa pakati kawirikawiri imatsitsa mtengo, pakuti mabawuti amasowa, zipangizo zimabwerekedwa osabwezedwa, ndipo makaniko watsopano ayenera kuyamba wafufuza zimene mnzake anachita.

Chachinayi ndi mitengo ya pa intaneti. Land Rover yakale yokonzedwa bwino imagulidwa ndalama zambiri ku London, ndipo ana a m'banja akaona zimenezi pa foni amaganiza kuti kuseri kwa nyumba kuli mgodi wa golide. Koma mtengo umenewo ndi wa galimoto yomalizidwa, ya mapepala okwanira, yoimikidwa pamaso pa ogula a ku Ulaya. Mtengo wa ku Dedza ndi umene munthu wa ku Dedza, wa ku Lilongwe kapena wa ku Blantyre angathe kulipira.

MASAMU A DENGA NDI PANSI

Mtengo woyenera uli pakati pa malire awiri. Malire a pamwamba amapezeka chotere: munthu afufuze mtengo wa galimoto ya mtundu womwewo imene ikuyenda, iri ndi mapepala onse, kenaka achotsepo ndalama zonse zofunika kuti chiphaphacho chifike pa msinkhu womwewo. Malire a pansi ndi ndalama zimene ophwasula magalimoto ndi ogula zitsulo angapereke. Wogula akapyola malire a pamwamba wadzibera yekha. Wogulitsa akatsika pansi pa malire a pansi waberedwa.

Nachi chitsanzo, ndipo manambala ake ndi ongoyerekeza pofuna kuonetsa njira. Galimoto yoyenda ya mtundu wakutiwakuti ikugulidwa K6,000,000. Makaniko wawerengera kuti injini idzadya K1,200,000. Matayala ndi batire K700,000. Mabuleki, kilatchi ndi mapaipi K500,000. Kuwotcherera ndi penti K600,000. Zonse pamodzi ndi K3,000,000. Kukoka galimotoyo, kusintha dzina pa mapepala, inshuwalansi ndi chiphaso cha COF zidzadya K400,000. Ndipo popeza palibe makaniko amene amaona m'kati mwa injini asanaitsekule, m'pofunika kuikapo gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zokonzera, ndiyo K1,000,000, kaamba ka zobisika. Zonsezi zikukwana K4,400,000, ndipo zikachotsedwa pa K6,000,000 patsala K1,600,000. Limeneli ndilo denga. Ngati ophwasula angapereke K900,000, ndiye kuti mtengo woyenera uli pakati pa K900,000 ndi K1,600,000, ndipo kunenerera konse kuchitikire m'katimo.

Nthawi zina masamu amenewa amatuluka mozondoka: denga limagwa pansi pa mtengo wa ophwasula. Pamenepo yankho n'lomveka. Galimotoyo siyenera kudzutsidwa. Igulitsidwe ngati zipangizo, kuti ipatse moyo zinzake zimene zikuyendabe.

Wogula ndi ndalama za ngongole awonjezere mzere wina. M'chaka cha 2024 Banki Yaikulu ya dziko lino inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki a malonda amabwereketsa mopitirira pamenepo. Ngongole ya K3,000,000 pa 30 peresenti imabala K900,000 pa chaka. Galimoto ikatha chaka chathunthu ku galaja, mphunzitsi amakhala akudulidwa malipiro mwezi ndi mwezi pamene iye akuyendabe pa kabaza. Za katapila ndiye sizifunika n'kuzitchula komwe.

DZIMBIRI NDI MAPIRI A DEDZA

Kuti masamuwa akhale oona, galimoto iyenera kuyang'anidwa ndi maso odziwa dera. Tauni ya Dedza iri pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri lake limafika mamita 2,198. Kuno kumagwa mvula yokwanira, mame ambiri, ndi nkhungu ya m'miyezi ya June ndi July. Galimoto yogona pa udzu imamwa chinyezi kuchokera pansi, ndipo matope ofiira amene anamatirira m'makona a chasesi amasunga madzi miyezi yambiri. Injini yakufa imakonzeka ndi ndalama zodziwika. Chasesi chodyeka ndi dzimbiri chiribe mtengo wodziwika, pakuti wowotcherera akachotsa chigamba chimodzi amapeza bowo lina. Choncho wogula ayambe wagona pansi ndi tochi ndi kanyundo, asanayang'ane penti. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamaginito kakang'ono kamaulula pamene pamatidwa phala lobisa mabowo, pakuti pamenepo sikagwira.

Land Rover imanyenga koposa pa nkhani imeneyi. Thupi lake ndi la aluminiyamu, limene silichita dzimbiri lofiira, choncho imaoneka yathanzi ngakhale itagona zaka makumi awiri. Koma chasesi chake ndi khoma la pakati pa injini ndi woyendetsa ndi zachitsulo, ndipo n'zimene zimaola. Mapikapu a kuno nawo ali ndi mbiri yawo: ambiri anatha moyo wawo akusenza matumba a mbatatesi ndi kabichi kuchokera ku Bembeke, ndi kubwerera ndi feteleza. Katundu wopyola muyeso amathyola masipuling'i ndi kung'amba chasesi kumbuyo kwa mutu, ndipo feteleza wotayikira amadya chitsulo mofulumira kuposa mvula.

Kutalika kwa dera nakonso kuli ndi mawu ake. Mpweya wa kumapiri ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tebo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 300 aliwonse a chitunda. Pa Dedza imakhala itataya pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi pa doko la Beira. Injini yotopa imene ingayende bwino pa chigwa cha Mtakataka imalephera kukwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti. Ndipo potsika msewu womwewo, moyo wa banja lonse umakhala pa mabuleki. Ndalama za mabuleki sizinenereredwa.

Ngati injini ikulira, iyenera kulizidwa m'mawa iri yozizira, wogula ali pomwepo. Utsi wobiriwira ngati mtambo umanena kuti injini ikudya oyilo. Utsi woyera wosaleka injini itatentha umanena kuti madzi akulowa m'masilinda. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka amanena chimodzimodzi. Ngati injini sikulira, makaniko ayese kuizunguza ndi sipanala. Ikakana kuzungulira, iwerengedwe ngati yakufa, ngakhale mwini wake atalumbira kuti inaima iri bwino ndipo ikungofuna batire. Mawu amenewa, akuti ikungofuna batire, adya penshoni zambiri.

Palinso nkhani ya mafuta. Kuyambira mu 1982 petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa. Petulo wotere akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi, amaononga thankiyo ndi kabuleta, ndi kufooketsa mapaipi akale a labala. Ndiponso petulo wa mtovu analeka kugulitsidwa m'maiko a kum'mwera kwa Sahara kuyambira mu 2006, pamene injini zambiri zakale zinapangidwa modalira mtovuwo kuteteza pokhala mavavu. Zonsezi zilembedwe pa pepala la makaniko.

MTUNDU WA GALIMOTO NDI ZIPANGIZO ZAKE

Magalimoto awiri ogona mofanana sakhala ndi mtengo wofanana, pakuti funso lalikulu ndi lakuti zipangizo zidzachokera kuti. Nissan 1400 inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndipo zipangizo zake zimabwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. Peugeot 504, imene inayamba mu 1968, inapitiriza kumangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka zoyamba za m'ma 2000, patapita nthawi yaitali ku France italekeka. Toyota Hilux ndi Corolla zakale zimadziwika ndi makaniko aliyense, ndipo zipangizo zake zimapezeka kwa Biwi ku Lilongwe ndi ku Ndirande. Land Rover ya Series III, ya zaka za 1971 mpaka 1985, zipangizo zake zimapangidwabe ku Britain, koma zimafuna ndalama zakunja. Morris Minor, imene inaleka kupangidwa mu 1971, ndi ya munthu amene ali kale ndi galimoto ina ndipo akufuna chosangalatsa mtima. Si ya mphunzitsi wofuna kufika ku sukulu m'mawa uliwonse.

Lamulo ndi ili: galimoto ikakhala yosowa, mtengo wake ngati chiphapha uyenera kutsika, osati kukwera, pokhapokha ngati wogula wa zakale ali kale pakhomo ndi ndalama m'manja.

MAPEPALA NDIWO THEKA LA GALIMOTO

Galimoto yopanda bulubuku si galimoto. Ndi mulu wa zitsulo, ndipo igulidwe pa mtengo wa zitsulo. Dzina la pa bulubuku likhale la amene akugulitsa, ndipo manambala a chasesi ndi a injini afanane ndi olembedwa. Kaundula wa magalimoto masiku ano amasungidwa m'makompyuta a ofesi ya Road Traffic, ndipo wogula ayenera kupita yekha pamodzi ndi wogulitsa kukatsimikiza kuti galimotoyo irimo, osatuma madobadoba. Apolisi nawo afunsidwe ngati siinabedwe.

Chenjezo limeneli n'lofunika kwambiri ku Dedza, kumene malire a Mozambique ali pakhomo penipeni, ndipo chipata cha Calomue chimalowetsa magalimoto ochokera ku Angonia, ku Tete ndi ku South Africa. Galimoto imene inalowa ndi chilolezo cha mlendo n'kukhalira konkuno imakhala ndi ngongole ya msonkho, ndipo MRA iri ndi mphamvu yoilanda m'manja mwa aliyense amene ali nayo. Wantchito wa Boma wopezeka ndi galimoto yotere amataya ndalama, ndipo amadetsanso mbiri yake pa ntchito. Chimodzimodzi galimoto imene inali ya Boma, ya nambala ya MG, ikhale ndi kalata yosonyeza kuti inagulitsidwa mwalamulo. Safunsa anadya phula.

MAU A OTSUTSA

Alipo amene anganene kuti masamu oterewa ndi ouma mtima, ndipo amaiwala ubwino wa galimoto yakale. Iwo amati galimoto ya kabuleta imakonzedwa pansi pa mtengo ndi sipanala ndi waya, pamene galimoto ya makono ikadwala imafuna kompyuta ya ku Lilongwe, makilomita oposa 80 kuchokera pa boma. Amatinso yakale iri ndi msinkhu wotha kudutsa misewu ya ku Kasumbu ndi ku Kaphuka nthawi ya dzinja. Mfundo imeneyi ndi yoona, koma inalowa kale m'masamu: ubwino umenewo ndi umene umachititsa kuti pikapu yakale yoyenda ikhalebe ndi mtengo wabwino pa msika, ndipo mtengo umenewo ndiwo poyambira kuwerengera. Kuulipiranso kachiwiri pa chiphapha ndiko kulakwa.

Ena amati kufunsa mafunso ambiri kwa mkulu wolemekezeka, mwina amene anali mphunzitsi wamkulu wa wogulayo, ndi chipongwe. Koma katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, amene analandira mphotho ya Nobel mu 2001, anaonetsa mu 1970 kuti pa msika wa magalimoto ogwira kale ntchito, ogula akalephera kusiyanitsa yabwino ndi yoipa, amatsitsa mtengo wa onse, ndipo wolangika ndi mwini galimoto yabwino. Chotero wogulitsa woona mtima ndiye woyamba kupindula ndi kufufuza. Iye ayenera kutulutsa malisiti, kuloleza makaniko wa wogula, ndi kunena yekha chifukwa chimene galimoto inaimira. Makanikoyo akhale wa satifiketi ya ntchito yake, alipidwe ndi wogula tsiku lomwelo, ndipo alembe mitengo pa pepala. Pakuti makaniko amene akuyembekeza kudzapatsidwa ntchito yokonza ali ndi chifukwa chochepetsera mavuto pakamwa.

CHILUNGAMO KWA WOGULITSA

Mtengo woyenera uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali yachiwiri ikhudza ulemu wa antchito a Boma. Kawirikawiri amene amagulitsa ndi mayi wamasiye amene sadziwa za magalimoto, ndipo akufuna fizi ya ana msanga. Wogula wodziwa masamu akhoza kumuuza kuti n'chitsulo chabe, n'kuchitenga pa mtengo wochepera ngakhale wa ophwasula. Kutero ndi kuba, ngakhale mayiyo atasayina. Mabanja otere afunse mitengo kwa anthu awiri kapena atatu asanavomere, ndipo aphunzitsi ndi akalaliki a m'deralo, amene anthu amawadalira powerenga makalata, ndiwo ayenera kuwathandiza kuwerengera.

Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu. Mchimwene kapena mphwake wa malemu alibe mphamvu yogulitsa galimoto pa yekha chifukwa chakuti makiyi ali m'thumba mwake. Wogula aone kalata yopereka mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo pangano lilembedwe pamaso pa mboni, litchule mtengo, manambala a galimoto, zimene zikusowa, ndi tsiku losintha dzina.

Galimoto yakale yogulidwa pa mtengo woyenera imapereka ntchito kwa makaniko ndi wowotcherera wa pa boma, imapulumutsa ndalama zakunja, ndipo imafikitsa mphunzitsi ku sukulu ndi mbatatesi ku msika. Yogulidwa mopupuluma imangosamuka kuchoka pa njerwa za nyumba ina kupita pa njerwa za nyumba ina, itatenga penshoni ya munthu. Wantchito wa Boma amene amasamala ndalama za dziko mu ofesi ayenera kusamala zakenso chimodzimodzi: afufuze mtengo wa yoyenda, awerenge za kukonza, aone mapepala, ndipo masamu akakana, atsanzike mwaulemu ndi kubwerera kwawo ndalama ziri m'thumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.